Tidzamuponde Mdala

Kuseri kwa nyumba ya Che Ayubu ku Unit D, m'tauni ya Chitungwiza, kunali galimoto yofiira ya mipando iwiri, yopanda denga, yotsika moti wokweramo ankakhala ngati wakhala pansi. Inakhala pa njerwa zaka zisanu ndi chimodzi, kuchokera tsiku limene mzungu amene Che Ayubu ankamuphikira ku Harare ananyamuka n'kuwasiyira m'malo mwa tsalani bwino. Nkhuku zinaikiramo mazira. Dzimbiri linadya chasisi, zitsulo za pansi zonyamula galimoto, mpaka chala n'kumalowa. Che Ayubu ankaitcha Mdala, ati poti inafanana nawo: mawondo anatha, koma ulemu ulipo.

Chaka chimene m'mashopu munatsala mashelefu okhaokha, anthu n'kumafola pamzere asanadziwe n'komwe chogulitsidwacho, Mdala anayamba kudzuka. Womudzutsa anali Cyprian, makaniko wolankhula Chichewa wa ku Zengeza, dera loyandikana nalo, amene garaja yake ya kuntchito inatsekedwa. Miyezi inayi anakhala m'munsi mwa galimotoyo. Anadula malo owola a chasisi n'kuwotchererapo zitsulo zatsopano masiku amene magetsi akumbukira Chitungwiza. Anamasula masipuling'i akutsogolo, nawapala ndi burashi ya waya, ndipo mabushi, timphira toteteza zitsulo kuti zisakhulane, atasowa m'tauni monse anawasema yekha kuchokera ku tayala lakale la thirakitala.

Zonsezi Hafsa, mwana wamkazi wa Che Ayubu, ankaziona pawindo la kukhitchini, mbale imodzi akuitsuka katatu. Anakondana mwakachetechete, pamzere wa kumjigo. Cyprian anali Mkatolika, Hafsa Msilamu, ndipo chiyembekezo chawo chonse chinali pa mawu amodzi amene Che Ayubu ananena tsiku loyamba: "Mdala akadzayenda n'kuima pomwe ndamuuza, udzapemphe chimene ukufuna."

* * *

Lachiwiri masana Hafsa anatuluka ndi kapu ya tiyi. Kunja kwa galimoto kunkaoneka miyendo yokha.

"Odi m'munsimo! Eniake alipo?"

"Achokapo. Watsala wantchito," anayankha Cyprian akudzikoka chagada. Pachipumi panali girisi. Analawa tiyi uja n'kutsinzina. "Lero ndiye shuga wachuluka."

"Mulibe ngakhale kanjere kamodzi."

"Ndiye ndi dzanja lomwe latakasa."

"Bodza lakolo lidzakupha, Sipi."

Cyprian anaseka, nakankhira mphuno ya galimoto pansi ndi manja awiri. Inatsika n'kubwerera pamalo pake osalira.

"Wamva? Kale akanalira ngati chitseko cha chimbudzi. Njerwa ndachotsa m'mawa, waima ndi miyendo yake. Injini ikungodikira petulo. Kuyenda ayenda, Hafsa. Kwatsala kuima."

"Mabuleki unakonza sabata yatha."

"Ndinakonza, mafuta ndinathira. Koma m'mapaipi mwatsala mpweya, ndipo mpweya ndi wachinyengo. Ukaponda katatu kanayi uli pabwalo, chopondera chimalimba, iwe n'kumati zili bwino. Koma pamsewu mwana akakudutsa kutsogolo umaponda kamodzi kokha. Phazi limangomira mpaka pansi, galimoto osamva."

"Ndiye uuchotse mpweyawo."

"Ndi ntchito ya anthu awiri. Wina amakhala pampando. Ndikati ponda, aponda. Ndikati gwira, agwira. Ine pansi ndi sipanala, kutsegula kabawuti kuti mpweya utuluke." Anatsitsa mawu. "Ndikufuna wachiwiriyo akhale iwe. Ndikufuna kuti tsiku lina tidzauze ana kuti galimoto ya agogo anu anaimalizitsa ndi amayi anu."

Hafsa anayang'ana kukhomo. "Ababa anandiletsa ngakhale kuitsamira."

"Ababa amagona masana. Adzangodzuka n'kupeza zatha. Ndawauza kale amalume anga a Stanislaus kuti achape jekete yawo yodzafunsira mbeta. Tsiku la mabuleki ndidzakulembera pa foni."

"Nanga za tchalitchi ndi mzikiti?"

"Tidzakambirana. Bambo ako ndi munthu wa mawu ake."

"Hafsa!" Mawu a Che Ayubu anatulukira pawindo la kuchipinda. "Tiyi wakeyo ukumumwetsa ndi supuni?"

Hafsa anakwatula kapu n'kuthawira m'nyumba akumwetulira.

* * *

Lachitatu kunabwera Ridhiwani. Anali munthu wa malonda owoloka malire, wa mkanjo woyera wosadetsedwa ndi fumbi la msewu wa Seke, woima mzere woyamba kumzikiti. Chaka chimenecho munthu wobwera ndi shuga ndi mafuta ophikira sankagogoda, chitseko chinkatseguka chokha. Anaika katundu patebulo, nagwira dzanja la Che Ayubu ndi manja awiri, nafunsa za mwendo wawo wotupa ngati kuti ukumupweteka iyeyo.

"Che Hafsa, ndinakuimbirani dzulo, foni yanu sikulowa."

"Yazima. Magetsi kulibe, lero tsiku lachitatu."

"Kwanga kuli jenereta. Bweretsani ndikakutchajireni."

"Musavutike, ndidikira."

"Mupatse," anatero Che Ayubu.

Hafsa anapereka. Sanaope kwambiri, chifukwa mauthenga a Cyprian ankawafufuta akangowerenga, atawasunga kale pamtima.

Bambo ake anamutuma kukaperekeza mlendo kugeti. Ridhiwani anadzera kuseri, nayendetsa dzanja pa chitseko cha galimoto.

"Makaniko wanuyu manja ali nawo. Ndawauza Ababa kuti ndikufuna idzakhale ikunyezimira tsikulo."

"Tsiku liti?"

"La ukwati wathu. Mkwatibwi wanga sangakwere kombi, kupanikizana ndi anthu wamba." Anamuyang'ana, nachita ngati wadabwa. "Ha, sanakuuzeni? Anavomera kalekale, sabata lomwe anamuitana mnyamatayu. Mukuganiza kuti matayala anayi atsopanowa anagwa ndi mvula?"

Hafsa anatembenuka kuti abwerere m'nyumba.

"Musamuuze, chonde," anapitiriza Ridhiwani. "Munthu amagwira bwino ntchito akamayembekezera kanthu."

Atabwerera m'nyumba, Hafsa anagwada pafupi ndi mpando wa bambo ake.

"Ababa, ndi zoona?"

Che Ayubu anali akununkhiza paketi ya shuga. "Ndi zoona."

"Koma munamulonjeza Cyprian."

"Ndinati adzapemphe chimene akufuna. Kodi ndinati ndidzamupatsa?" Anaika shuga pansi. "Ukuganiza kuti sindiona? Maso anga anakalamba, koma windo la kukhitchini ndinaika ndine. Mkatolika wopanda ntchito, wogona chipinda chimodzi ndi mabokosi a masipanala. Amalize galimoto, ndimupatse thumba la ufa, azipita. Ndipo ukatsegula pakamwa asanamalize, udzakagona kwawo konko tsiku lomwelo, dzina langa utalisiya pakhomo pano."

Lachinayi Cyprian sanabwere. Hafsa analinga zothamangira ku Zengeza, koma bambo ake anamukhazika pansi tsiku lonse kuwathowa mwendo ndi madzi ofunda. Madzi akazizira, ankamutuma ena. Geti likalira, ankamuyang'ana m'maso.

* * *

Lachisanu, chakumasana, kunabwera Imrani, mchimwene wake wamkulu wa Hafsa. Anali kondakitala wa makombi, ankachita lendi ku Zengeza, ndipo kwawo ankangodzerako Lachisanu popita kumzikiti. Chichewa ankachimva mwa apo ndi apo, koma poyankha ankayankha Chishona, chinthu chimene Che Ayubu ankamukalipira nacho kuyambira ali mwana. Galimoto yakuseri sankaiwerengera n'komwe, ankati ndi khola la nkhuku.

Tsikulo sanabwere yekha. Anali ndi anzake awiri a pasiteji, ndi Ridhiwani pambuyo pawo. Nthawi ya mapemphero inakwana, amuna a mumsewu anadutsa ndi zisoti zawo, koma anayiwo sananyamuke. Anaima m'mbali mwa nyumba, pomwe munthu wolowa pageti sangawaone.

"Achimwene, simupita kumzikiti?"

"Pinda mumba," anatero Imrani osamuyang'ana, kumulamula kuti alowe m'nyumba.

"Che Ridhiwani, foni yanga ija?"

"Ili bwinobwino, Che Hafsa. Yadzaza."

Che Ayubu, chifukwa cha mwendo, anali ataswalira m'nyumba m'malo mopita kumzikiti, n'kukagona monga mwa masiku onse. Msewu unali zii. Kenako geti linalira, ndipo Cyprian analowa akuimba mluzu, atavala shati yochapa, sipanala ili m'manja, botolo ndi kapaipi zikusuzumira m'thumba.

"Sipi, thawa!"

Hafsa anachedwa kumuchenjeza. Anamugwetsera pa simenti asanadziwe kuti womugwira ndani. Wina anamukhalira pamsana, wina anamupotokola mkono, Imrani n'kuyamba ndi nsapato m'nthiti.

"Unoda kuponda baba vangu, iwe? Baba vangu?" anakalipa Imrani m'Chishona.

Phokoso linaitana msewu wonse. Azimayi anasiya zigubu zawo, alendi a nyumba zoyandikana anadzaza pampanda. Ridhiwani, ndi nkhope yachisoni, anatulutsa foni ya Hafsa n'kupatsa Imrani.

"Inzwai, vanhu!" anakuwa Imrani kuti anthu amvetsere, nayamba kuwerenga Chichewa mopunthwapunthwa. "Lachisanu anthu akapita kumzikiti tidzamuponde Mdala. Iwe ungodzaponda, ine ndidzamalizitsa ndi sipanala. Usauze munthu."

Panalibe chofunika kumasulira. Pa Chishona kuponda ndi kupha munthu mwachiwembu, ndipo mdala, kapena kuti mudhara, wa pakhomo lija aliyense ankamudziwa: nkhalamba yodwala mwendo imene inali itagona yokha m'nyumba. Sipanala inali pomwepo pa simenti. Chinali chaka chimene anthu ankamva za mitembo sabata ndi sabata, ndipo mawu oterewa sankafuna kunenedwa kawiri.

"Mhondi!" anakuwa mayi wina, ndipo ena analandira. Wakupha, wakupha.

"Ndipo uyu anayankha," anapitiriza Imrani, chala chikuloza mlongo wake. Anawerenga: "Bwera, ndakonzeka."

"Sindinalembe ine! Foniyo yakhala ndi Che Ridhiwani kuyambira Lachitatu!"

Khofi la Imrani linamutembenuza Hafsa nkhope asanamalize.

Cyprian anadzutsa mutu, magazi akutuluka m'kamwa, nayesa kufotokoza m'Chishona. "Kutsika mabhureki chete, kuponda mabuleki basi! Kuponda kwathu ndi kuponda ndi phazi! Mdala ndi galimoto, galimoto ili kuseriyo!"

Anthu anaseka, kuseka koipa.

"Galimoto ili ndi dzina ngati mwana?"

"Uyu akutiyesa zitsiru."

"Funsani eniake!" anatero Cyprian. "Dzinalo anapereka ndi iwo. Funsani Che Ayubu!"

Ndipo Che Ayubu anali ataima kale pakhomo, atatsamira ndodo, chisoti chili chopendekeka. Hafsa anakwawa ndi mawondo mpaka pamapazi pawo. Tsopano zitha, anaganiza. Bambo ake anali munthu amene ankawongola Chichewa cha aliyense mumsewu, amene ankati mwana woiwala chilankhulo cha kwawo ndi wamasiye wodzipangira yekha.

"Ababa, auzeni. Mukudziwa tanthauzo la kuponda. Mukudziwa kuti Mdala ndani. Za ukwati ndavomera, ndivomera chilichonse, koma auzeni asamuphe."

Che Ayubu anayang'ana Cyprian ali pansi. Kenako anasuzumira kuseri, kumene mphuno yofiira ya galimoto inkaonekera, itaima pa matayala ake anayi.

"Yatha?" anafunsa chapansipansi.

"Yatha, Ababa," anayankha Ridhiwani. "Yangotsala petulo, ndipo ndabwera naye."

Nkhalamba inagwedeza mutu. Inatembenukira kwa anthu a pampanda, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wa Hafsa inalankhula Chishona pakhomo pake pomwe.

"Handizvizivi." Sindikuzidziwa.

Inatembenuka n'kulowa m'nyumba, ndodo ikugogoda pansi.

Zimene zinatsatira Hafsa anazimva kuposa kuziona, chifukwa azimayi awiri anamugwira. Imrani anatola sipanala ija. Anzake anayala dzanja lamanja la Cyprian pa simenti, dzanja lomwe linasema mabushi ndi kuwotcherera chasisi. Kunamveka kawiri. Cyprian sanalire kachiwiriko.

"Basi, basi, abale, lero ndi Lachisanu," anatero Ridhiwani, akulowa pakati ngati woleretsa. Anamudzutsa Cyprian yekha, namusansa fumbi pashati, namuperekeza mpaka pageti anthu akumuyamikira mtima wabwino. Pamenepo anawerama n'kumunong'oneza m'Chichewa chosalala, chokwanira kuti Hafsa amve:

"Usadzapondenso pakhomo pano, m'bale wanga."

Cyprian anacheuka kamodzi, dzanja atalikumbatira pachifuwa. Sanayang'ane Ridhiwani. Anayang'ana Hafsa.

"Unandiuza kuti ndibwere," anatero, n'kupita.

* * *

Dzuwa litapendeka, anthu atabalalika, Ridhiwani anatsitsa chigubu cha petulo. Injini inatsokomola kawiri, kachitatu n'kubangula. Che Ayubu anatulutsidwa ndi mpando wawo kuti adzamve. Anatseka maso, akumwetulira ndi chimwemwe, ngati kuti pa simenti ya kutsogolo sipanatsale madontho ofunika kukolopa.

Hafsa anaima pakhomo la kukhitchini, tsaya litatupa.

"Mabuleki sanathe," anatero.

Palibe amene anacheuka.

"Ababa, mabuleki sanathe. Muli mpweya. N'chimene anabwerera. N'chimene uthenga uja umanena."

"Nyarara," anatero Imrani. "Khala chete. Ukumuikirabe kumbuyo?"

"Musamukalipire, achimwene, wadzidzimuka," anatero Ridhiwani. "Tiyeni tione, kuti mtima wake ukhale pansi."

Anakhala pampando n'kuponda. Hafsa anali pafupi, ndipo anaona bondo lake likutsika mpaka kuwongoka, phazi litamira pansi penipeni. Anaonanso nkhope yake. Kumwetulira kunazimiririka kanthawi kochepa, maso n'kuima. Kenako anapondanso, kachitatu, kachinayi, mofulumira, mpaka chopondera chinalimba.

"Bwerani mudzaone nokha, achimwene."

Imrani analowetsa mwendo, naponda, nagwedeza mutu. "Zvakasimba. Zalimba ngati mwala."

"Mwamva, Che Hafsa? Makaniko wanu anamaliza ntchito yake. Chimene anadzera lero ndi china."

"Pondani kamodzi kokha! Dikirani pang'ono, kenako mupondenso kamodzi!"

"Hafsa," anatero Che Ayubu osatsegula maso. "Lero wandichititsa manyazi okwanira. Ndikamvanso dzina la mabuleki pakamwa pako, ndikutsekera kuchipinda mpaka tsiku la ukwati." Anatembenukira kwa Ridhiwani. "Mawa m'mawa unditenge pa galimoto yanga. Tikaonane ndi a shehe ku Harare, tikasankhe tsiku. Ndikufuna msewu wa Seke wonse undione."

Ridhiwani anazimitsa injini. Anakhala kanthawi akuseweretsa makiyi m'manja, akuyang'ana nyumba, mpanda, geti, ngati munthu woyeza malo ndi maso.

"Ababa, ulemu umenewo si wanga," anatero pomaliza. "Ulendo woyamba wa galimoto imeneyi uyenera bambo ndi mwana wake wamwamuna, makamaka lero atakupulumutsani. Achimwene Imrani msewu wa Seke amaudziwa ngati chikhatho chawo. Mipando ndi iwiri yokha. Ine ndidzakupezani komweko."

Anaponya makiyi. Imrani anawawakha ndi dzanja limodzi, nkhope ikuwala.

"Ndichaimhanyisa, mudhara," anatero. "Ndidzaithamangitsa, mudzaona liwiro lake."

Che Ayubu anaseka, ndipo sanamukalipire chifukwa cha Chishona.

Podutsa pakhomo la kukhitchini, Ridhiwani anaima pafupi ndi Hafsa. Anatulutsa foni ija, naiyang'ana, n'kuibwezera m'thumba la mkanjo wake.

"Ndikusungirani," anatero mwaulemu. "Ndipo musade nkhawa, Che Hafsa. Chilichonse chikachitika pamsewu mawa, Unit D yonse yamva kale amene anakonza chiwembu, ndi amene anayankha kuti wakonzeka. Koma ine sindidzakutayani. Mudzafuna munthu wokuimirani."